TIMAKOBIRI TIWIRI NDI MBALE YA UFA WA CHINANGWA

Ulaliki wa pa wailesi, Lamulungu la 32 pa Chaka (B). Mawu a Mulungu: 1 Mafumu 17, 10-16, Marko 12, 38-44



Mthenga Wabwino wa lero watiika m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, masiku ochepa Ambuye Yesu asanagwidwe. Marko Woyera akuti Yesu adakhala pansi moyang'anana ndi mosungira zopereka, nayamba kupenyerera anthu m'mene ankaponyera ndalama zao. Mabuku akale a Ayuda amatiuza kuti pamalopo panali zotengera 13 zokhala ndi kukamwa konga kwa lipenga. Ndalama za masiku amenewo zinali zachitsulo zokhazokha, tsono munthu wolemera akakhuthula thumba lake, phokoso lokha linkamutchukitsa. Kenaka padafika mai wamasiye, naponya timakobiri tiwiri, ndalama yochepetsetsa pa ndalama zonse zimene zinkayenda m'dzikomo. Ndikhulupirira kuti ngakhale amene adaima naye pafupi sadamve kulira kwake. Yesu yekha ndiye adaona, naitana ophunzira ake, nawauza kuti maiyo wapambana ena onse, popeza enawo adatapa pa zowatsalira, pamene iye adapereka zonse zimene akadagulira chakudya.

Ife ansembe timaikonda nkhani imeneyi, makamaka nyengo ya mtulo ikafika. Timaitambasula bwino, ndipo amai amasiye amene akhala kumbuyo kwa tchalitchi amamasula mfundo ya nsalu. Komatu tikabwerera m'mbuyo mizere iwiri yokha, tipeza Yesu yemweyo akudzudzula aphunzitsi a Malamulo, anthu a mikanjo italiitali okonda kulonjeredwa pa msika, chifukwa chakuti ankadya chuma cha akazi amasiye akunamizira mapemphero. Ndipo tikapitirira patsogolo, mutu 13 ukuyamba ndi Yesu akulosa kuti Nyumba yokongolayo idzagwetsedwa yonse. Maiyo ali pakati pa mawu awiri amenewa. Choncho Yesu poyamika mai wamasiyeyo, akufunsanso ife amene timalandira kuti timakobirito tikutani nato. Ine amene ndimavala mkanjo wautali, funso limeneli silindigonetsa tulo.

Mawu amenewa ndidawamvetsa bwino osati ku Seminale, koma patsinde pa mtengo wa mango, pa mapemphero a mpingo umene si wathu. Ndiloleni ndikusimbireni.

Ambiri a inu mukulidziwa dera la Mfumu Kanyenda, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, kumene mseu wa m'mbali mwa nyanja umaoloka mtsinje wa Dwangwa. Kale kumeneko anthu ankadalira nyanja, chinangwa ndi mpunga. Kuyambira chaka cha 1979, pamene fakitale ya shuga idayamba kugaya nzimbe, kwafika anthu ochokera m'maboma onse, Alomwe, Asena, Atumbuka, Ayao, kudzakhala pakati pa Atonga ndi Achewa. Aliyense adadza ndi mpingo wake, kotero kuti pa Lamulungu ukayenda mtunda pang'ono umamva nyimbo za mitundu ingapo. Kumapeto kwa mwezi wa February chaka cha 2024 mvula idagwa yosalekeza, Dwangwa adasefukira, nyumba zidagwa, minda idakokoloka, mseu udaduka, ndipo anthu zikwi zambiri adakakhala m'misasa pa masukulu ndi pa matchalitchi. Madzi ataphwa ndidapitako pamodzi ndi Akristu ena kukapereka ufa ndi mabulangete. Tidagona kwa mphunzitsi wathu wa mpingo.

Mmawa mwake, titatha Misa, adandipeza gogo wina woyandikana nyumba ndi mphunzitsiyo. Adagwada chapatali nati, "Bambo Mfumu, dzulo mwatipatsa ufa osafunsa za mpingo. Ife ndife a Methodist. Bwerani mudzaone pamene timapemphera, musapite osatiyendera." Ndidachita manyazi kukana.

Tchalitchi chao chinali cha zidina, ndipo khoma limodzi linali litagona pansi. Anthu adasonkhana pamthunzi, amai pa mphasa, abambo pa njerwa ndi pa mabenchi awiri amene adapulumuka. Abusa ao kunalibe. Adandiuza kuti ali ndi mipingo ingapo, amafika kamodzi pa mwezi pa njinga. Adalalika ndi bambo wina wodula nzimbe, manja ake okhakhala ndi zipsera za masamba a nzimbe, ndipo ulaliki wake unali waufupi kuposa wangawu. Zimene zidandigwira mtima zidabwera pambuyo pake. Mai wina, msungichuma, adaimirira ndi kope la ana a sukulu lofufuma ndi madzi, nawerenga mokweza zonse zimene zidalowa mwezi umenewo ndi zonse zimene zidatuluka: yogulira sopo wa odwala, yokonzera njinga ya abusa, ya nsalu ya maliro. Adatchula ndi zotsala zomwe, nafunsa ngati wina ali ndi funso. Mnyamata wina adafunsa za mtengo wa matayala a njinga, ndipo maiyo adatulutsa lisiti osakwiya.

Kenaka atsogoleri a magulu adayamba kuimirira mmodzimmodzi. Mpingowo udagawidwa m'timagulu ta mabanja oyandikana, ndipo mtsogoleri aliyense ankanena za anthu ake: uje akudwala malungo, uje akadali ku msasa, uje sadabwere chifukwa adakangana ndi mkazi wake ndipo tidzamuyendera Lachitatu. Wina, msodzi, adati, "M'gulu langa mabanja anai nyumba zao zidagwa. Sindidawapemphe kanthu. Gawo lao ndaikapo ine, popeza bwato langa lidapulumuka." Adanena mosakweza mawu, nakhala pansi. Gogo uja adandiitanayu analibe ndalama. Adadza ndi mbale ya ufa wa chinangwa yovundikira ndi kansalu, naiika pafupi ndi beseni la usipa limene wina adabweretsa.

Tsono padabuka mkangano, poti ndalama zinali zochepa ndipo zofunika zinali ziwiri. Mkulu wina waimvi adati ayambe ndi khoma la tchalitchi. Mawu ake sanali opusa ai. Adati mvula ikubwerabe, makoma otsalawo agwanso, ndipo mpingo wopanda nyumba anthu amauseka, ana amathawira kwina. Ena adati ayambe ndi nyumba ya mai wamasiye wa ana asanu amene ankagona pa khonde la mbale wake. Adakambirana nthawi yaitali, mawu nkumakwera. Potsiriza mai msungichuma uja adati, "Akuluakulu, Mulungu sanyowa. Akunyowa ndi anawo." Anthu adaseka, mkulu uja adaseka nao, ndipo adagwirizana tsiku loumba zidina za maiyo. Mbale ya ufa ija idapitanso kwa iye tsiku lomwelo.

Tili m'galimoto pobwerera, mkulu wina wa mpingo wathu adandinong'oneza kuti, "Bambo Mfumu, zimene mwaonazi musakazinene pa guwa. Anthu adzati mukuwalozera njira ya ku mpingo wina." Mwina enanu mukuganiza chimodzimodzi. Ndikuyankheni. Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiwiri, m'chikalata chake cha chaka cha 1964 chonena za umodzi wa Akristu, udatiphunzitsa kuti onse obatizidwa mwa Kristu ndi abale athu, ndipo kuti tiyenera kuzindikira mokondwa zabwino zimene Mzimu Woyera amachita pakati pao, pakuti zingathe kutimanga ifenso. Kuyambira chaka cha 1967 Eklezia Katolika ndi bungwe la a Methodist a pa dziko lonse akhala akukambirana mwaubale. Zotisiyanitsa zilipo, ndipo si zazing'ono: za Ukaristia, za unsembe, za udindo wa Papa. Sindikuzibisa. Koma makolo athu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo munthu wokana kubwereka lumo chifukwa mwini wake ndi wa mudzi wina, amangoyenda ndi tsitsi lanyankhalala.

Nditafika kunyumba ndidafuna kudziwa kumene mwambo umenewu udachokera. Mpingo wa Methodist udayamba ndi John Wesley, amene adabadwa ku England m'chaka cha 1703 namwalira mu 1791. Iye anali wansembe wa mpingo wa Anglican mpaka imfa yake. Ataona kuti anthu a m'migodi ndi m'mafakitale salowa m'matchalitchi, adayamba kuwalalikira panja, nayendayenda pa kavalo zaka zoposa 50. Mu 1739 otsatira ake adamanga nyumba yosonkhaniramo mu mzinda wa Bristol, ndipo idawasiyira ngongole. M'mwezi wa February chaka cha 1742 adakhala pansi kukambirana za ngongoleyo. Munthu wina wotchedwa Captain Foy adapereka nzeru yakuti aliyense azipereka kobiri limodzi pa mlungu. Ena adatsutsa kuti ambiri ndi osauka, sangathe. Pamenepo Foy adapempha kuti ampatse anthu 11 osaukitsitsa, iye aziwayendera mlungu ndi mlungu, ndipo amene alephere, iye azimlipirira. Ena adatengera chitsanzo chake, ndipo gulu lonse lidagawidwa m'timagulu ta anthu ngati 12, kalikonse ndi mtsogoleri wake.

Taonani chimene chidachitika. Atsogoleriwo polowa m'nyumba za anthu kukatenga kobiri, adayamba kuona zimene mlaliki sangaone ali pa gome: uyu akumwa, uyu akumenya mkazi, uyu wagona ndi njala, uyu wataya mtima. Wesley adazindikira msanga kuti apa wapeza chinthu choposa ndalama. Posakhalitsa timaguluto tidayamba kusonkhana pamodzi kamodzi pa mlungu, kufunsana za moyo wa mzimu, kudzudzulana ndi kuthandizana. Zimene ndidaona patsinde pa mango ku Kanyenda, msodzi uja kulipirira mabanja anai, zinali mdzukulu wa nzeru ya ku Bristol, ngakhale ndikukayika ngati msodziyo adamvapo dzina la Foy.

Pali chinanso chimene anthu a ku Nkhotakota ayenera kuchidziwa za Wesley. Mu 1774 adalemba kabuku kotsutsa malonda a akapolo, ndipo kalata imene adalemba masiku ochepa asanamwalire inali yolimbikitsa William Wilberforce pa nkhondo yothetsa ukapolo. Gombe limene Jumbe ankaolotsera akapolo, kumene David Livingstone adafika mu 1863, lili m'boma lomweli. Za ife Akatolika, Wesley nthawi zina ankalankhula mawu owawa, monga ankachitira ambiri masiku amenewo. Komabe mu 1749 ali ku Dublin adalemba kalata kwa Mkatolika, yopempha kuti pamene sitingagwirizane maganizo, tisaleke kukondana ndi kuthandizana.

Kuno kwathu mipingo ya Methodist idafika mwa njira imene iyenera kutiganizitsa. Mpingo wa African Methodist Episcopal udabwera ndi Mbusa Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu, pobwerera kuchokera ku South Africa mu 1924. Wa Free Methodist udayamba mu 1973 ndi Mmalawi amene adakaphunzira za Baibulo ku Rhodesia. Wa United Methodist udayamba mu 1987 mogwirizana ndi abale ao a ku Zimbabwe. Onsewa adayamba ndi ana a dziko lino, opanda nyumba yaikulu ya mishoni, opanda galimoto, opanda chigayo. Thandizo lakunja lidabwera pambuyo, pena ndi pena. Koma anthu ao adazolowera kuyambira pachiyambi kuti denga likadontha, palibe mzungu wokalirira. Ife tidaleredwa mosiyana. Ansembe achimishoni, Mulungu awadalitse, adatimangira matchalitchi, masukulu ndi zipatala ndi ndalama zopempha kwa abale ao ku Ulaya, ndipo ambiri a ife tidakula tikuganiza kuti Eklezia ndi bambo wolemera amene ana amangotambasulira manja.

Si kuti nzeru ya timagulu ndi yachilendo kwa ife. Ambuye Patrick Kalilombe, ali Episkopi wa Lilongwe, adayendetsa sinodi kuyambira 1973 mpaka 1975, kuphunzitsa kuti mpingo ndife tonse, ndipo kuti uyenera kudzidalira, kudzitumikira ndi kudzifalitsa wokha. Maepiskopi a maiko a kuvuma kwa Afrika, pa msonkhano wao wa ku Nairobi mu 1976, adagwirizana kuti miphakati ikhale maziko a ntchito yonse ya utumwi. Papita zaka pafupifupi 50. Miphakati ilipo, ndipo ina ikugwira ntchito yotamandika: kudikira odwala, kukumba manda, kuphika pa maliro. Koma tinene zoona, m'malo ambiri mphakati wasanduka ofesi ya msonkho. Mtsogoleri amafika pakhomo ndi buku, osati kudzafunsa kuti mwadzuka bwanji, koma kudzaona ngati khadi lasainidwa. Amene walephera amayamba kubisala, kenaka amaleka kubwera ku mapemphero, ndipo timadzamuonanso tsiku la maliro ake, pamene tiyamba kukangana ngati kwaya iimbe kapena ai. Ku Bristol kobiri lidatsekula chitseko cha wosauka kuti mbale wake alowe. Kwa ife khadi nthawi zambiri limatseka chitsekocho.

Sindikuloza chala atsogoleri a miphakati okha. Ndili wansembe wachinyamata, pa parishi ina imene sinditchula, padafika mai ndi mwana kumbuyo kudzalembetsa ubatizo. Ndidafunsa khadi. Linali ndi zaka ziwiri zosalipira. Ndidamuuza kuti akakonze kaye zimenezo. Sadatsutse, adangoti "Zikomo Bambo," nagwada, napita. Pambuyo pake ndidamva kuti mwamuna wake adamwalira chaka chapitacho, ndipo akuchimuna adamlanda mbuzi ndi malata omwe. Ndidatuma mphunzitsi kukamfuna, koma anali atabwerera kwao. Sindidziwa ngati mwanayo adabatizidwa. Lero ndikamawerenga za anthu a mikanjo italiitali, sindifunika kuyang'ana patali.

Musandimve molakwa, okondedwa. Sindikuti mtulo uthe. Malamulo a Eklezia a chaka cha 1983, pa nambala 222, akuti Akristu ali ndi udindo wothandiza Eklezia pa zosowa zake: za chipembedzo, za utumwi, za chifundo, ndi za kusamala atumiki ake. Vinyo wa Misa amagulidwa, mafuta a njinga yamoto yopitira kwa odwala amagulidwa, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha mu November 2023 zonsezi zakwera mtengo monga mukudziwa nokha. Koma nambala yomweyo ikupitiriza kunena kuti Akristu athandize osauka ndi chuma chao. Nambala 537 ikulamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi bungwe loona za chuma, ndipo nambala 1287 ikuti oyendetsa chuma afotokozere Akristu za zopereka zao. Tsono mai wa kope lofufuma uja, amene sadaonepo buku la malamulo athu, ankachita zimene malamulo athuwo amatilamula. Nanga pa tchalitchi panu, ndi liti pamene mudamva msungichuma akuwerenga zolowa ndi zotuluka, mpaka kutulutsa lisiti? Kufunsa zimenezi si mwano kwa wansembe. Wansembe woona amapepukidwa nazo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndilankhulenso kwa inu amene Mulungu adakudalitsani: alimi a nzimbe amene mumalandira ndalama ku banki, eni makoka ndi mainjini, a masitolo, a pa ntchito za boma. Mbale ikamadutsa mumafunafuna m'thumba kapepala kochepetsetsa, komweko kamene waponya gogo wogulitsa nkhuni, ndipo mtima wanu uli mbee. Wesley adasimba za mnyamata wina wa ku Oxford, ndipo olemba mbiri amati ankanena za iye mwini, amene polandira mapaundi 30 pa chaka ankakhalira 28 napereka 2. Chaka chotsatira adalandira 60, nakhalirabe 28, napereka 32. Malipiro atafika pa 120, iye anali pa 28 pomwepo. Sindikukupemphani kuti mufike pamenepo, inenso sindidafikepo. Ndikungofunsa kuti chuma chanu chitakula, chidakula nacho nchiyani, mpanda wa nyumba kapena dzanja? Paulo Woyera polembera Akorinto kachiwiri, m'mutu 8, sadafune kuti ena apsinjike pofuna kupeputsa anzao. Adafuna kuti pakhale kulingana, zochuluka za uyu zikwanire kusowa kwa uyo, popeza mawa zinthu zitha kutembenuka. Anthu a ku Dwangwa akudziwa kuti madzi sasankha nyumba.

Abale athu a Methodist aja si angelo. Ndi ochepa, amakangana, ndipo mkulu waimvi uja adandidandaulira potiperekeza kuti achinyamata akupita ku mipingo ya zoimbira zamagetsi, ndi kuti abusa ao miyezi ina amabwerera chimanjamanja. Patapita miyezi ingapo mphunzitsi wathu adandilembera kuti nyumba ya mai wamasiye idatha, koma khoma la tchalitchi linali lisanaimebe, ndipo nyengo ya mwera ankapemphera mphepo ikuwaomba. Adaonjezanso kuti anyamata ena a mphakati wathu adapita kukathandiza kuponda dothi, osatumidwa ndi munthu.

M'mawu oyamba a lero, mneneri Eliya adatumidwa kwa mai wamasiye wa ku Zarefati, m'dziko la Sidoni, amene sanali wa fuko la Israele, ndipo ndi kaufa kake kotsala m'mbiya kamene kadasunga moyo wa mneneriyo pa nthawi ya chilala. Yesu atakumbutsa anthu a kwao ku Nazarete za nkhani imeneyi, adapsa mtima mpaka kufuna kumponya ku phompho. Ndikhulupirira kuti inu simundiponya.

Mlungu uno miphakati yambiri isonkhana. Ndikupempha atsogoleri kuti musanatsekule buku la mtulo, muwerenge maina a amene sadaoneke miyezi itatu yapitayi, ndipo pa dzina lililonse papezeke munthu woti akagogode pakhomo, wopanda buku m'manja. Ngati pakati panu pali wina amene bwato lake lidapulumuka, anene yekha kuti atenga mabanja angati. Ndipo abale anga ansembe, tiyeni tiuze mabungwe athu a chuma akonze malipoti, awerengedwe m'tchalitchi Adventi isanafike. Ine ndayamba kale kukonza langa.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate, amene mudaona timakobiri ta mai wa ku Yerusalemu ndi mbale ya ufa ya gogo wa ku Kanyenda, kumbukirani onse amene adataya nyumba ndi abale pa madzi osefukira, dalitsani abale athu a Methodist ndi abusa ao, ndipo mwana uja ndidambweza pa khomo la ofesi, kulikonse kumene ali, mumsunge Inu. Tikupempha kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.

Akudalitseni Mulungu Mphambe, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.